Layini yakale sitsitsa mtengo wa bandulo

Wamalonda aliyense pa msika wa Malosa akuidziwa ntchito ya banyira. Munthu wachilendo akaima pa benchi amamuwonjezera tomato awiri kuti mawa adzabwerenso, pomwe kasitomala wa tsiku ndi tsiku amangomupatsa mulu wake wa nthawi zonse chifukwa zikudziwika kuti sapita kwina. Makampani a mafoni ndi intaneti amawerenga masamu omwewo, kungoti kumeneko wamalonda uja ndiye kasitomala wodziwika kuti sachoka. Zotsekemera amazisungira wobwera kumene kapena amene wayamba kuzemba. Wokhazikika amalipira mtengo wonse.

Ku Britain nkhaniyi idafika pokhala dandaulo la dziko. Mu 2018 bungwe la Citizens Advice lidawerengera kuti makasitomala okhalitsa amaluza mapaundi oposa 4 biliyoni pa chaka pa intaneti ya m'nyumba, mafoni, inshuwalansi, ngongole za nyumba ndi ndalama zosunga ku banki. Njira yake inali yosavuta: mtengo wotsika miyezi yoyamba, mgwirizano ukatha mtengo n'kukwera mwakachetechete. Kuyambira mu 2020 bungwe la Ofcom lidalamula makampani kuti aziuza kasitomala mgwirizano wake ukamatha, n'kumuuzanso mtengo wabwino umene ulipo.

Kuno ambiri sasayina mgwirizano, amangogula mayunitsi ndi bandulo ya Airtel kapena TNM. Koma kuluza kwa wokhalitsa kulipo ndithu, kumangobwera mobisika. Munthu chala chidazolowera kudina manambala omwewo, ndiye akugulabe bandulo imene adayamba nayo zaka zitatu zapitazo, osaona kuti pa mndandanda padabwera ina yoposa. Mauthenga a zotsatsa amawafufuta asanawerenge. Bonasi yofuna kuitanitsa imamudutsa.

Za bonasi yoitanitsazi pali mlandu weniweni. Mu 2021 bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lidalamula Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe. Bungweli lidapeza kuti kampaniyi idasiya kulowetsa yokha bonasiyo m'mafoni, ndipo kasitomala ankayenera kuiitanitsa pa 14 mwezi uliwonse, apo ayi yapita. Airtel idakatsutsa kukhoti, ndipo mu 2023 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti lamulo la nthawiyo silinkapatsa CFTC mphamvu yolipiritsa chindapusa. Mphamvuyo idabwera ndi lamulo latsopano la 2024. Tsiku loitanitsalo likagwa pomwe mayi wa matemba ali pa ulendo wokawoda ku Kachulu, foni ili m'chikwama yopanda moto, ndiye kuti bonasi ya mwezi wathunthu yamupita. Ndiye chifukwa chake bonasi imene sinalowe m'foni siyenera kuwerengedwa ngati phindu. Paja fodya ndi amene ali pamphuno.

Nanga bwanji osangosamuka? Apa pali mfundo yolimba, ndiyo nambala. Ku South Africa kuyambira 2006, ndi ku Kenya kuyambira 2011, munthu amachoka ku kampani ina kupita ku ina atanyamula nambala yake. Kuno 099 ndi ya Airtel, 088 ndi ya TNM, ndipo wosamuka amayamba ndi nambala yatsopano. Kwa mwana wasukulu zimenezi n'zazing'ono. Kwa wogulitsa mpunga wa ku Domasi nambala ndi mpamba. Idalembedwa pa khoma la okala, ili m'foni ya dalaivala wa minibasi ya ku Liwonde amene amamunyamulira matumba, anamwino a pa St Luke's ndi aphunzitsi a pa sekondale ya Malosa amamutumizira ndalama za katundu wa ngongole pa nambala yomweyo mwezi ukatha. Kutaya zonsezi chifukwa cha bonasi ya masabata awiri n'kugulitsa mbuzi kuti ugule chingwe.

Njira yanzeru ndi kusamutsa data, osati nambala. Mafoni ambiri a pa msika, a itel ndi Tecno, amalowa masimu awiri. Layini yakale ikhale ya kuimbirana ndi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo yachiwiriyo izigula intaneti kumene kwatchipa mwezi umenewo. WhatsApp sivuta: imakhalabe pa nambala yakale ngakhale data ikuchokera ku simu ina, bola simu yakaleyo isafe. Izi n'zofunika kuzisamala, chifukwa layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaitseka n'kudzapereka nambalayo kwa munthu wina. Simu yatsopano ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika cha mwini wake, monga bungwe la MACRA lakhala likufunira kuyambira 2018. Simu yogula yolembetsa kale m'dzina la wina imadzaliritsa tsiku limene foni yabedwa muli ndalama.

Kutchipako nakonso kuli ndi kawerengedwe kake, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si mitengo ya kampani iliyonse. Bandulo yoyamba ndi ya K6,000, ya 6GB, yotha pa masiku 30. Yachiwiri ndi ya K2,000, ya 3GB, yotha pa masiku 7. Poyang'ana chikwangwani yachiwiri ndiyo yabwino, chifukwa 1GB ikugwa pa K667 pomwe inayo ikugwa pa K1,000. Koma mayi wa kaunjika amene amatumiza zithunzi za madiresi pa WhatsApp ndi Facebook, n'kumatha 5GB pa mwezi, adzagula yachiwiriyo kanayi, K8,000, ndipo 7GB idzapsa asanaikhudze. Pa data imene wagwiritsadi ntchito, yachiwiri yamudyera K1,600 pa 1GB, yoyamba K1,200. Kusiyana kwa K2,000 pa mwezi ndi K24,000 pa chaka, ndalama yoti ikadalowa mu mpamba. Foni iliyonse ya Android imasonyeza kuchuluka kwa data imene yatha pa mwezi, choncho nambala yoyambira nayo masamuwa ili kale m'manja mwa mwini foni.

Bandulo zina zimatchipa chifukwa n'za usiku wokha, zina n'za WhatsApp yokha. Ya usiku ingathandize wokopera anthu nyimbo ndi mafilimu, koma wa tomato amene amadzuka 4 koloko m'mawa sadzaidya.

Kenako pali netiweki. Malosa ali m'tsinde mwa phiri, ndipo layini imene ikugwira bwino pa msewu wa M3 ikhoza kumadukaduka munthu akalowera cha ku Chilema kapena kutsikira kumadimba. Mawu a mlamu wa mu mzinda wa Zomba sangathandize pamenepa. Wofuna kuyesa agule kabandulo ka tsiku limodzi pa simu yachiwiri, akayese pa benchi pake penipeni nthawi imene msika wadzaza, adzayesenso tsiku limene magetsi azima. Wa geni yoyendayenda ayese ku Songani ndi ku Liwonde komwe. Bandulo yotchipa imene ikulephera kutumiza chithunzi chimodzi kasitomala ali chidikirire ndiyo yodula kuposa zonse.

A mashopu osindikiza ndi kukopa mapepala, amene amagwiritsa ntchito rauta kapena MiFi, ndiwo afanana kwambiri ndi anzawo a ku Britain aja. Asanalipire afunse zinthu zitatu ndipo mayankho akhale olembedwa: mtengo wotsatsawu utha liti, ukatha azidzalipira zingati, ndipo kachipangizoko kangalowe simu ya kampani ina kapena kadamangidwa. Starlink idafika m'dziko muno mu 2023, koma zipangizo zake zokha zimaposa mpamba wa mabenchi ambiri, ndiye imagwira mutu pokhapokha mashopu angapo oyandikana atasonkherana.

Wokhalitsa ali ndi chida chimodzi chimene wobwera kumene alibe, ndicho mbiri ya zimene wakhala akugula. Sikulakwa kupita ku ofesi ya kampani ku Zomba, kutchula zaka zimene wakhala pa layiniyo ndi mtengo umene ena akupereka, n'kufunsa chimene angamuchitire. Akakana palibe chaluzika, simu yachiwiri ilipo. Koma ngati bonasi yolonjezedwa sinalowe, kapena mayunitsi adulidwa pa zinthu zimene munthu sadapemphe, dandaulo liyambire ku kampaniyo, ndipo likapanda kuyankhidwa lipite ku MACRA kapena ku CFTC. Kumeneko adzafuna umboni, choncho uthenga wa chotsatsacho, uthenga wotsimikiza kugula ndi tsiku lake zisungidwe m'foni mpaka nkhani itatha.