Phunziro 17: Galimoto, Mvula ndi Mwana Wodwala

Anzathu ophunzira, lero tiwerenga macheza a pa khonde. Macheza otere timawamva masiku onse m'midzi ya ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga. Anthu anai adzipereke. Mmodzi awerenge mau a bambo, wina a mai, wina a agogo, wina a malume. Werengani mokweza, osathamanga. Otsalafe timvetsere.

TIWERENGE

Ndi mwezi wa Januwale. Chimanga chafika m'chiuno. Dzuwa lapendeka, ndipo ku phiri la Dómuè kwada bii. Bambo akukhomera khasu mu mpini. Mai akusadzula ndiwo, mwana ali kumbuyo. Agogo, amai ao a mai, akhala chapatali pa mkeka. Akufika malume, amene amayendetsa galimoto yonyamula mbatata ya kachewere kupita nayo ku msika wa ku Ulónguè.

Malume: Odi kuno!

Mai: Odini, achimwene. Fikani. Mwaswera bwanji?

Malume: Ndaswera bwino, kaya inu achemwali? Amai, mwaswera? Nanga alamu?

Bambo: Taswera, alamu. Koma galimoto sitinaimve kulira. Mwabwera pansi kodi?

Malume: Ndaisiya uko ku mtunda, kuseri kwa dambo. Matope ake si masewera. Dzulo ndinatitimira pomwepo ndi matumba khumi ndi awiri. Tinatsitsa katundu yense, tinayala nthambi pansi pa matayala, anyamata asanu akukankha. Tinatuluka dzuwa litalowa.

Bambo: Matayala anuwo atha, alamu. Asalala ngati mwala wa mumtsinje.

Malume: Ndikudziwa. Ndikagulitsa za mawazi ndigula awiri akumbuyo.

Agogo: Mawa lake liti? Taonani ku phiriko. Mphepo yatembenuka, nyerere zikusamutsa mazira, ndipo maondo angawa ayamba kale kundiuza. Ikubwera yamphamvu.

Bambo: Wailesi yanenanso zomwezo masana ano. Akuti igwa masiku atatu, kuyambira mawa.

Malume: Ndiye ndinyamuke m'bandakucha, mtsinje usanadzaze. Ukadzaza, galimoto igona tsidya lino mpaka Loweruka, mbatata n'kuolera m'matumba. Kodi akutsokomolayo ndani?

Mai: Ndi mphwanuyu. Chimfine chinamugwira dzana. Lero thupi latentha, ndipo watsegula m'mimba kawiri.

Bambo: N'zazing'ono zimenezo. Mano akumera. Ana onse m'mudzi muno akutsokomola, ndi nyengo yake.

Agogo: Musamupatse madzi ambiri. Angaonjezere kutsegulako.

Malume: Amai, pamenepo pokha ndikana. Galimoto yanga radiyeta ikaboka, sindileka kuthira madzi poopa kuti adontha. Ndimathira, ndithiranso, mpaka ndikafike kwa makaniko. Ndikaleka, injini ipsa.

Agogo: Mwana si galimoto, iwe.

Malume: Zoona, amai. Injini ikapsa timagula ina.

Agogo sanayankhe. Mai anatsitsa mwana, namugoneka pa miyendo. Anamuvula malaya pa chifuwa, nadikira kuti aleke kulira.

Mai: A Phiri, tayang'anani nthawi pa foni yanuyo. Mundiuze mphindi imodzi ikatha.

Bambo: Yambani. ... Yatha.

Mai: Wapuma ka 34. Nthiti sizikulowa mkati. Akuyamwa bwino. Chifuwachi sichikundiopsa.

Bambo: Si ndinanena ine, a Nabanda?

Mai: Chikundiopsa ine ndi kutentha thupiku. Uno ndi mwezi wa udzudzu. Malungo saoneka ndi maso, amafuna kuyeza magazi. Tikadikira, mvula n'kugwa masiku atatu, mtsinje n'kudzaza, mwanayu n'kukomoka usiku, tidzapita pa chiyani?

Bambo: Nanga munda? Mawa tinati tibandira.

Malume: Kutsogolo kwa galimoto kuli malo, achemwali. Chipatala chiri panjira pomwe. Koma tambala akalira kachiwiri mukhale mutakonzeka. Mtsinje sudikira munthu.

Bambo anakhala chete kanthawi, akuyang'ana ku phiri.

Bambo: Chabwino. Ndibandira ndekha. Khadi la kusikelo mulikulunge mu pulasitiki lisanyowe.

Agogo: Tsono ndipatseni kapu ndi supuni. Madziwo ndimumwetsa ndine.

TIGANIZIRE PAMODZI

Anthu awa anayamba ndi nkhani ya matayala. Anapita pa nkhani ya mvula. Kenaka anafika pa chifuwa cha mwana. Wina anganene kuti izi ndi nkhani zitatu. Kwa ife a kumudzi ndi nkhani imodzi. Mvula ndiyo imatseka msewu. Msewu ukatsekeka galimoto siyenda. Galimoto ikapanda kuyenda, chipatala chimene chinali pafupi chimakhala kutali. Munthu wa m'tauni angathe kunena kuti, "Tione mawa." Ife m'dzinja tisananene choncho, tiyambe tayang'ana kumwamba.

Kwathu kuno mvula imayamba mu Novembala ndi kutha cha mu Malichi kapena Epulo. Mu Januwale ndi Febuluwale ndi mmene nthaka imakhuta madzi. Pamenepo mvula ya usiku umodzi ikwanira kudzaza mtsinje. Ngakhale misewu ya tala siidalirika kotheratu. Mu Januwale 2022, mvula ya namondwe wotchedwa Ana inagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Ngati madzi anagonjetsa mlatho wa simenti ndi zitsulo, nanga kamlatho kathu ka mitengo?

Agogo anaona nyerere ndi mphepo. Bambo anamvera wailesi. Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, ndipo za nyengo imazitenga kwa akatswiri a boma oyeza mvula ndi mphepo. Tisakanganitse nzeru ziwirizi. Maso a agogo amaona za pa phiri lathu lino. Wailesi imaona mvula ikadali kutali. Zonse ziwiri zikanena chimodzi, konzekani.

Tsono tione za mwana. Bambo sananame ponena kuti chimfine ndi matenda aang'ono. Chimfine chimatha chokha pakapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Sichifuna jekeseni. Sichifuna makapisozi ogula pa msika. Mwana amwe, ayamwe, adye, afunde, ndipo mupukute mphuno zake. Koma bambo anaphonya pokankhira zonse pa mano. Mano akamamera mwana amavuta ndi kutuluka dovu, inde. Koma kutentha thupi kwenikweni ndi kutsegula m'mimba ziri ndi zifukwa zina, ndipo ana ambiri achedwetsedwa ku chipatala ndi mau akuti "ndi mano".

Mai anachita chinthu chimene aliyense wa ife angathe kuphunzira lero lomwe. Anawerenga kupuma kwa mwana. Mwana akhale phee, asakhale akulira. Yang'anani pa mimba kapena pa chifuwa. Kukwera ndi kutsika ndiko kupuma kumodzi. Werengani mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, likupuma mothamanga. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ake ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, malire ake ndi 40. Mwana wa m'nkhani yathu ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi itatu, ndipo anapuma ka 34. N'chifukwa chake mai anati chifuwacho sichikuwaopsa. Akadapeza 40 kapena kuposa, kapena akadaona m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati mwana akamakoka mpweya, chikadakhala chibayo. Chibayo si chimfine. Chimapha msanga, ndipo chimafuna mankhwala a ku chipatala tsiku lomwelo.

Mukuona phindu lodziwa manambala? Si pogulitsa fodya pokha.

Pa nkhani ya madzi, malume ananena zoona. Chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi. Maso amalowa, m'kamwa mumauma, liwombo limalowa, mikodzo imachepa. Mankhwala ake oyamba ndi madzi a mchere ndi shuga. Abwino koposa ndi a m'paketi imene amapereka ku chipatala. Paketi imodzi musungunule mu lita imodzi ya madzi abwino, owiritsa ndi kuziziritsa. Ngati paketi palibe, tengani lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Masupuniwo asakhale osefukira. Lawani. Asawawe mchere kuposa misozi. Mchere ukachuluka umapweteka mwana, choncho musathire mongoganizira. Mwetsani pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi khumi, muyambenso. Otsala tsiku likatha muwataye, mukonze ena. Bere musamuletse, phala musamumane. Ku chipatala amaperekanso mapiritsi a zinki, akumwa masiku 10 mpaka 14. Amenewa amafupikitsa kutsegulako ndi kulimbitsa m'mimba.

Nanga kutentha thupi? Angónia ndi dziko lokwera ndi lozizira. Silifanana ndi mzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Koma kuzizira kwathuku kusatinyenge. M'dzinja madzi amaima m'madambo, m'maenje oumbira njerwa, ngakhale m'matayala akutha otayidwa kuseri kwa nyumba. Udzudzu umaswana mmenemo, ndipo umaluma usiku. Malungo sabwera chifukwa chonyowa ndi mvula kapena kudya misinde ndi chimanga chachiwisi. Zimenezi zimangopezana nao nyengo imodzi. Amabwera ndi udzudzu. Tonse tigone m'masikito, makamaka ana ndi amai oyembekezera.

Mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lisanathe. Amabaya kachala, ndipo yankho limatuluka musanachoke. Akapezeka ndi malungo amalandira Coartem, akumwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Amalize onse, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Musasungeko ena kuti mudzapatse mkulu wake. Akuluakulu pakati pathu akukumbukira klorokwini wowawa uja. Anathandiza pa nthawi yake, koma tizilombo ta malungo tinamuzolowera, ndipo anasiyidwa. Parasetamolo amatsitsa kutentha, koma sapha malungo. Mwana angazizire thupi madzulo matenda akukulabe mkati.

M'midzi yambiri muli wothandiza za umoyo amene timamutcha APE. Ntchito imeneyi inayamba m'dziko lathu mu 1978. APE ndi munthu wa m'mudzi momwemo amene anaphunzitsidwa. Amayeza malungo, amapereka mapaketi a madzi a mchere ndi shuga, ndipo amadziwa nthawi yotumiza wodwala ku chipatala. Kodi wa kwanu mukumudziwa? Amakhala tsidya liti la mtsinje?

Pali zizindikiro zina zosafuna kukambirana pa khonde. Mwana akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chirichonse, akakomoka kapena kugwedezeka, akalefuka osadzuka bwino, kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, musayese za pakhomo.

Titsirize ndi galimoto ija. Malume anati anyamuka mtsinje usanadzaze. Dalaivala wanzeru amatero. Madzi othamanga ofika m'maondo angathe kukokolola galimoto yaing'ono, ndipo pansi pa madzi ofiira simuona ngati mlatho ulipo. Dalaivala akafuna kuyesa mwai, inu tsikani. Mwana wodwala akhale kutsogolo, kapena pa malo osafika mphepo ndi mvula, osati pamwamba pa matumba. Botolo la madzi a mchere ndi shuga likhale m'manja, azimwa panjira. Kumene galimoto sifika, mudzi upanganiretu mvula isanayambe: njinga yamoto ya yani idzanyamula odwala, ngolo ya yani, ndipo ya mafuta idzachokera kuti.

MAU OTI TIPHUNZIRE

Werengani, kenaka lembani m'makope mwanu.

ga-li-mo-to, ta-ya-la, ma-to-pe, mtsi-nje, chi-mfi-ne, chi-ba-yo, ma-lu-ngo

mva mve mvi mvo mvu: mvula, mvuu, muvi, kumva, tamverani

mpha mphe mphi mpho mphu: mphasa, mphepo, mphindi, mphonda, mphuno

Pa mau a mzere wachiwiri pali amodzi amene alibe "mv". Ndi ati?

TIKAMBIRANE

Bambo anati, "Nanga munda?" Kodi analakwa kufunsa choncho? Mukadakhala inu mukadatani?

Agogo poyamba analetsa madzi, pambuyo pake anapempha kapu ndi supuni. Kwanu akuluakulu amati chiyani za mwana wotsegula m'mimba? Tingalankhule nao bwanji mwaulemu?

Kuchokera m'mudzi mwanu kukafika ku chipatala pali mitsinje ingati? Ndi uti umene umayamba kudzaza?

TIWERENGETSE

Galimoto yanyamula matumba 12. Thumba lirilonse likulemera makilo 50. Katundu yense ndi makilo angati?

Mwana wa miyezi 7 wapuma ka 54 pa mphindi imodzi. Wina wa zaka 3 wapuma ka 32. Ndi uti amene ayenera kupita ku chipatala lero?

Mwana wayamba kumwa Coartem Lachiwiri m'mawa. Amwa kangati konse? Amaliza tsiku lanji?

TILEMBE

Lembani kalata ya mizere inai kwa malume anu. Muwapatse moni. Muwauze kuti mwana watentha thupi. Muwapemphe malo m'galimoto ya mawa, ndipo mutchule nthawi imene mudzakhale pa msewu. Pansi pake lembani dzina lanu ndi tsiku. Amene wamaliza athandize mnzake wa pambali.