Kalumikizidwe ka Batire Lachiwiri M'galimoto

Pamaliro a agogo anga tinagwiritsa ntchito batire la galimoto ya amalume poyatsira nyale ndi zokuzira mawu. Kwaya inaimba usiku wonse, koma kutacha galimoto inakana kulira, chonsecho ndi yomweyo imene inkayenera kukatenga bokosi. Nkhani ino ikufotokoza momwe munthu angaikire batire lachiwiri lothandizira ntchito ngati zimenezi, lomwe lizitchajidwa ndi galimoto yomweyo popanda kugwetsa batire lolizira injini.

Batire la mavoti 12 likadzaza bwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Injini ikamalira, alitaneta imatulutsa mavoti apakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo kusiyana kumeneku ndi komwe kumakankhira magetsi m'batire. Ena amangolumikiza mabatire awiriwo ndi waya basi. Injini ikamalira palibe vuto, koma ikazima mabatirewo amakhala ngati migolo iwiri yolumikizidwa ndi paipi kunsi: ukamatunga mu umodzi, winawo umaphwa nawo.

Choncho pamafunika kachipangizo kowalumikiza injini ikalira ndi kuwalekanitsa ikazima. Kachipangizoka ndi rileyi. Rileyi ya m'galimoto imakhala ndi miyendo yolembedwa manambala. Waya wochokera ku pozitivi ya batire loyamba amapita pa 30, ndipo wochokera pa 87 amapita ku pozitivi ya batire lachiwiri. Mwendo wa 85 umamangidwa ku chitsulo cha galimoto, pomwe wa 86 umalandira magetsi kuchokera pa D+ ya alitaneta, malo amene amakhala ndi moto pokhapokha alitaneta ikutchaja. Negetivi ya batire lachiwiri nayo imamangidwa ku chitsulo, pamalo opalidwa penti.

Rileyi wamba ya maampu 30 kapena 40 imatha kupsa chifukwa batire lophwa limakoka magetsi ambiri poyamba. Ndi bwino kugula ya maampu 100, komanso waya wonenepa wa 16 mm². Fyuzi zikhale ziwiri, imodzi pafupi ndi batire lililonse. Apa ndi pomwe ambiri amaumira, koma waya ameneyu ali ndi moto mbali zonse ziwiri. Akakhulika n'kugunda chitsulo, batire lopanda fyuzi likhoza kuyatsa galimoto.

Pali ena amene amakonda dayodi m'malo mwa rileyi. Ine sindiikonda, chifukwa dayodi wamba imadya mavoti pafupifupi 0.7, moti batire lachiwiri silidzaza kwenikweni. Njira ya rileyi nayo siyenera magalimoto ena atsopano omwe alitaneta yake imatsitsa mavoti yokha, kapenanso mabatire a lithium. Pamenepo pamafunika tchaja ya DC-DC.

Mukamaliza, yesani ndi mita. Injini ikulira, mabatire onse aonetse mavoti opitirira 13. Mukazimitsa n'kuyatsa nyale ya pa batire lachiwiri, mavoti a batire loyamba asatsike nawo.