Malangizo kwa Owedza Nsomba ya Bass

Malangizowa ndi anu makamaka inu amene mumawedza m'madamu a ku Zimbabwe, monga Mutirikwi pafupi ndi Masvingo kapena Darwendale. Lero tikambe za bass, nsomba yakamwa lalikulu yochokera ku North America, yomwe inafika ku South Africa mu 1928.

Bass ndi mlenje wobisalira. Musataye nthawi kuponya mbedza pakati pa madzi poyera. Ifuneni m'mbali mwa bango, pa zitsa zomira ndi pamiyala, mbandakucha kapena dzuwa likapendeka. Masana dzuwa likaswa mtengo imatsikira kozama. Nyambo ya nyongolotsi yapulasitiki muziikoka pang'onopang'ono pansi, n'kuima, n'kukokanso. Nthawi zambiri imaluma nyamboyo ikamamira.

Madzi akayamba kufunda cha mu Seputembala, yaimuna imakonza chisa m'madzi osaya ndipo imalondera mazira, kenako tiana. Nthawi imeneyi imaluma chilichonse chifukwa cha ukali, osati njala. Mukaichotsa pachisa, nsomba zina zimatha mazira posachedwa. Chonde ibwezeni msanga pomwe mwaigwirapo. Nyowetsani manja kaye, gwirani nsagwada yam'munsi, ndipo ikakhala yaikulu muichirikize kumimba ndi dzanja linalo.

Koma abale, musadzatenge bass yamoyo kukaiika mumtsinje kapena damu lina. Ku Western Cape ku South Africa, mumtsinje wa Olifants, mtundu wina wa bass unadya tinsomba tachilengedwe mpaka tinasowa m'malo ambiri. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya mbuna yosapezeka kwina kulikonse, ndipo nsomba yachilendo ikalowa m'nyanja yotere palibe angaichotse.