Kujambula Nkhope ndi Makala ndi Pastel: Mafunso ndi Mayankho

1. N'chifukwa chiyani wophunzira amayamba ndi kukopera chithunzi cha katswiri?

Munthu wamoyo amasuntha, dzuwa nalo limasendera, koma chithunzi chimakhala chomwecho mpaka mutachimvetsa. Komanso katswiri anasankha kale zofunika pankhopepo, zina n'kuzisiya, ndipo kusankha kumeneko n'kumene mukuphunzira. Njirayi ndi yakale. Nyumba yosungiramo zaluso ya Louvre ku Paris, yomwe inatsegulidwa mu 1793, imalola ojambula kukopera zithunzi zake, ndipo Edgar Degas ankakopera komweko ali mnyamata. Vincent van Gogh anadziphunzitsa pokopera mobwerezabwereza zojambula za m'buku la Charles Bargue.

2. Ndikopere chithunzi cha ndani?

Pa makala, yambani ndi John Singer Sargent. Cha m'ma 1907 anachepetsa kujambula anthu ndi penti, n'kujambula nkhope mazanamazana ndi makala, ndipo mizere yake imaoneka bwino pomwe dzanja linadutsa. Pa pastel, onani ntchito za Rosalba Carriera wa ku Venice, amene anamwalira mu 1757, kapena za Maurice Quentin de La Tour wa ku France. Sankhani nkhope imene kuwala kukuigunda mbali imodzi.

3. Kodi makala ake ndi omwewa a pambaula?

Kapangidwe kake n'kamodzi: mtengo wowotchedwa popanda mpweya wokwanira. Koma a pambaula amakanda pepala. Ojambula amagwiritsa ntchito timitengo tofewa ta willow kapena ta mpesa, tomwe timafufutika mosavuta, ndi makala otsendereza omwe ndi akuda bii koma ovuta kufufuta. Yambani ndi ofewa. Otsenderezawo abwere kumapeto.

4. Ndiyambire pati?

Osayambira pa diso, ngakhale ndi limene limakopa. Lembani kaye mopepuka maonekedwe a mutu wonse. Tambasulani mkono, mugwire kamtengo poyezera. Mupeza kuti maso ali chapakati pa mutu, osati kumtunda monga ambiri amaganizira, ndipo mpata wa pakati pa maso awiri umakwana diso lina. Kenako tsinzinani pang'ono kuti tizinthu ting'onoting'ono tizimiririke, patsale mbali yowala ndi yamdima. Detsani yamdimayo yonse pamodzi, muisalaze ndi kansalu, kenako mutulutse kuwala kwa pamphumi ndi pamphuno ndi labala wofewa. Nsidze ndi tsitsi zibwere pomaliza. Musatsatire mizere poika pepala pamwamba pa chithunzicho, chifukwa diso siliphunzirapo kanthu.

5. Nanga pastel amasiyana bwanji?

Pastel ndi utoto waufa woumbidwa ngati choko, ndipo amafuna pepala lokhakhala kuti agwire. Ambiri amakonda pepala lotuwa kapena lofiirira. Yambani ndi mitundu yakuda, yowala ibwere pamwamba. Khungu si la mtundu umodzi: yang'anitsitsani, muona kufiira m'masaya ndi kubiriwira kapena kutuwa m'mithunzi. Musatikite kwambiri ndi chala, mitundu imasanduka matope. Pepala likadzaza ufa silitenganso wina.

6. Kodi kukopera si kuba?

Kuba kumayamba munthu akanena kuti ntchitoyo ndi yake. Lembani pansi pake dzina la mwini chithunzi pamodzi ndi lanu, ndipo mudziwe kuti ntchito za ojambula amakono zimatetezedwa ndi malamulo. Mukamaliza, khazikani m'bale wanu pafupi ndi windo, kuwala kumugunde mbali imodzi, mumujambule motsata zimene mwaphunzirazo.