Mphepo ya ku Antarctica ndi Mlimi wa ku Gauteng

Pa 10 Julaye 2023 mumzinda wa Johannesburg munagwa chipale chofewa, zomwe zinali zisanachitikenso chichokere mu 2012. Mphepo imene inadzetsa kuzizira kumeneku inachokera ku nyanja yozungulira Antarctica. Mphepo yotereyi ndiyo imabweretsa chisanu chowaula mbewu m'madimba.

Dziko la South Africa limayeza nyengo pa zilumba za m'nyanjayi, pa Marion kuyambira 1948 ndi pa Gough kuyambira 1956. Sitima ya SA Agulhas II imanyamula akatswiri a zanyengo, a zam'nyanja ndi a zamoyo kuti akagwirire ntchito pamodzi, pakuti kutentha kwa madzi, kayendedwe ka mphepo ndi tizomera tam'nyanja toyamwa mpweya wa carbon dioxide n'zolumikizana. Kafukufuku akusonyeza kuti kusunthira kumwera kwa mphepo zodzetsa mvula kunathandizira chilala cha ku Western Cape cha 2015 mpaka 2017, chimene chinachepetsa zokolola za tirigu.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, alangizi azitsatira machenjezo a South African Weather Service ndi kudziwitsa alimi msanga kuti aphimbe nazale ndi udzu dzuwa lisanalowe.