Duwa langa la mchira wa bulu likuwola

Funso: Alamu anga anandipatsa duwa lolendewera la masamba onenepa ngati timikanda, ati dzina lake ndi mchira wa bulu. Ndinalibzala pansi kutsogolo kwa nyumba, ndinathira manyowa okwanira, ndipo ndimalithirira m'mawa uliwonse. Mvula itangoyamba tsinde lada, masamba akungoyoyoka. Ndalakwitsa pati?

Mayi wa ku Zomba

Yankho: Pepani ndithu mayi. Duwa lanulo lakhuta madzi, ndipo mizu yake yayamba kuwola. Mwalisamala ngati mpiru wa kudimba, pomwe ilo ndi la pathanthwe.

Akatswiri amalitchula kuti Sedum morganianum. Kwawo ndi ku Mexico, m'chigawo cha Veracruz, kumene limamera m'maphompho, mizu itakanirira m'ming'alu ya miyala, nthambi zili lendelende. Katswiri wa zomera Eric Walther analilemba m'mabuku a zomera mu 1938, koma nthawiyo linkadziwika ngati duwa la m'miphika chabe, mpaka mu 2008 pamene linapezeka likumera lokha kutchire. Pamalo otero mvula ikagwa madzi amangodutsa, mizu n'kuumanso msanga. Masamba onenepawo ndiwo mitsuko yake. Limatsegula timabowo topumira usiku kukazizira, masana n'kutseka kuti lisataye chinyezi. Ndiye taganizani, chomera chotere chikhale m'katondo wa manyowa, pa mvula ya ku Zomba ya mu Januwale!

Inenso langa loyamba linafa choncho. Ndinaliika m'mbali mwa nyumba, osazindikira kuti mpamene pamagwera madzi a padenga. Patatha sabata ziwiri ndinagwira tsinde, linangofwanyuka m'zala ngati nthochi yakupsa kwambiri. Zinandiwawa, poti linali litatalika kufika mkono wathunthu.

Lizuleni lero lomwe. Mbali yakudayo tayani, siichira. Dulani nsonga zomwe zidakali zolimba ndi mpeni woyera, muzigoneke pamthunzi pouma masiku atatu kapena anayi kuti bala liume. Mukafulumira kubzala bala lili laliwisi, kuwola kuyambira pomwepo.

Pansi musalibwezerenso. Pezani mphika wadothi, kapena chitini, bola mubowole kunsi mabowo angapo. Mphika wadothi ndimaukonda chifukwa umapuma, dothi limauma msanga. Sakanizani mchenga wokhakhala wa kumtsinje magawo awiri ndi dothi lakuda gawo limodzi, muwonjezere timakala tophwanya kapena tizidutswa ta njerwa yootcha. Manyowa a nkhuku ayi. Mphikawo muupachike pakhonde, pamene dzuwa la m'mawa limafika koma mvula siifika. Dzuwa la masana la mu Okutobala limawaula masamba, pomwe mthunzi wambiri umalichititsa kuonda, masamba n'kutalikirana.

Za kuthirira, chala chanu ndicho chikuuzeni. Chilowetseni m'dothi, mukamva kachinyezi, dikirani. Likauma gwaa, thirani mpaka madzi atulukire kunsi, kenako muliiwale. M'chilimwe patha kupita sabata ziwiri, ndipo nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, mwezi wonse ukhoza kutha osathirira. Likamva ludzu limanena lokha, masamba amachita makwinya.

Masamba omwe ayoyokawo musasese. Tolani olimba okhaokha, muwagoneke pamwamba pa mchenga wouma, osawakwirira. Pakapita milungu ingapo mudzaona timizu tonga ulusi tikutuluka pamene tsamba linathothokera, kenako kamwana kakang'ono ngati njere ya mapira. Zimachedwa, musataye mtima. Tsamba lililonse likhoza kukhala duwa, ndipo mudzakhala ndi ena owabwezera alamu anu.

Kaufa koyera kali pamasambako si fumbi, n'kamene kamaliteteza ku dzuwa, choncho musakapukute. Anthu odzacheza amakonda kuligwiragwira, masamba n'kumagwa, ndiye lipachikeni patali ndi pakhomo podutsa anthu. Mukadzaona tinthu tonga thonje pakati pa masamba, ndi tizilombo ta mtundu wa kodikodi, uja amagwira chinangwa. Nyikani kathonje mu spiriti, mutikhudze kamodzikamodzi mpaka tithe.