Kuunika Kogwira Zinthu

M'nyumba zambiri za ku Mandevu, dzuwa likakwera, kuunika kumalowa pa kabowo ka malata, ndipo fumbi lioneka likuvina m'menemo. Mwana akayesa kutola kafumbi kamodzi kamthawa, pakuti zala zace nzazikulu. Nanga kanthu kocepa koposa fumbi kangagwidwe ndi ciani? Kagwidwa ndi kuunika komweko.

Kuunika kumakankha ciri conse cimene kwagwerapo. Mphamvu yace njocepa, kotero kuti munthu saimva pakhungu, koma kanthu kakang'onong'ono kaimva. Amene anapeza njira yogwirira zinthu ndi mphamvuyi ndiye Arthur Ashkin, wa ku Bell Laboratories m'dziko la America. Iye anali ndi nyali yochedwa laser, imene kuunika kwace kumapita njira imodzi osabalalika. M'caka ca 1986 iye ndi anzace anapyoletsa kuunikaku pa galasi la maikulosikopu, nakusonkhanitsa pa kadontho kamodzi m'madzi. Kanthu kakafika pafupi, kakokedwera powala koposa, nikakhazikika pomwepo ngati kapanidwa ndi mbaniro.

Matumba a ufa alukidwa ndi ulusi wa pulasitiki. Akatswiri amapanga ulusi wa pulasitiki woonda koposa tsitsi, wosaoneka ndi maso, naudula timadukwa, natiika m'madzi. Laser igwira kadukwa kamodzi. Tsono akapotoza kuunikako kuti kudziyenda mozungulira, kaulusi nako kazungulira, monga tsamba m'kabvumvulu. M'madzi kazungulira msanga, koma m'zolimbirako ngati uci kazungulira pang'onopang'ono. Powerenga kuzungulira kwace adziwa kulimba kwa kadontho kamene sikangayesedwe m'cikho.

Nzeru imeneyi yathandizanso pa nkhondo yolimbana ndi malungo. Ndi kuunika komweku akatswiri anakoka maselo ofiira a m'mwazi, napeza kuti selo lolowedwa ndi kacirombo ka malungo limauma, silipindika ngati labwino. Maselo ouma otere apita mobvutika m'timitsempha tating'ono, ndipo wodwala afooka.

Ashkin analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2018, ali ndi zaka 96.

Mafunso

1. Cifukwa ninji munthu samva kukankha kwa kuunika?
2. Kaulusi kazungulira msanga m'madzi kapena mu uci?
3. Malungo asintha bwanji maselo ofiira a m'mwazi?